Khansa ya Bere Ikafika M'khwapa: Opaleshoni Kapena Makina?

Mai akapezeka ndi khansa ya bere, dokotala sayang'ana bere lokha. Amapisanso dzanja m'khwapa kuti amve ngati muli timibulu totupa. Odwala ambiri ndi abale ao amadabwa nazo zimenezi. Amafunsa kuti, matenda ali pa bere, nanga m'khwapa mwalakwanji? Ena akamva kuti m'khwapa namonso mudzapita mpeni, kapena kuti mudzaochedwa ndi makina, amacita mantha ndipo sabwereranso ku cipatala.

Nkhani imeneyi ikhudza mabanja a mu Marapodi, Mandevu, Chaisa ndi makomboni ena onse a mu Lusaka, cifukwa khansa ya bere ndiyo yaciwiri pa khansa zimene zigwira azimai m'Zambia. Yoyamba ndi ya khomo la cibaliro. Pali njira ziwiri zothandizira m'khwapa: opaleshoni ndi makina a radiotherapy. Ofufuza anapeza kuti kwa azimai ena makina amateteza bwino monga opaleshoni, ndipo amasiya mkono uli wopepuka. Koma mwai umenewu ndi wa mai amene wafika ku cipatala matenda akali aang'ono.

M'khwapa muli ciani?

M'thupi la munthu muli timitsempha tating'ono timene sitinyamula magazi koma madzi oyera. Madzi amenewa amacokera m'minofu ndi kubwerera m'magazi. Panjira amadutsa m'timibulu tonga nyemba, timene nchito yake ndi kusefa madziwo ndi kugwira tizirombo. Timibulu timeneti ndito anabere. Anthu amadziwa mwanabere akatupa cabe, monga pamene cironda ca kuphazi catupitsa m'mphecepece, koma anabere ali m'thupi masiku onse.

M'khwapa limodzi mumakhala anabere apakati pa 20 ndi 40. Madzi ocokera ku bere ndi ocokera ku mkono onse amadutsa mwa iwo. Ndiye cifukwa cake khansa ikayamba kucoka pa bere, malo oyamba kumene imaima kawirikawiri ndi m'khwapa. Dokotala afunika kudziwa ngati yafikamo, cifukwa yankho lake ndilo limuuza kukula kwa matenda ndi thandizo loyenera. Khansa ikasiyidwa m'khwapa imakula, imapweteka, ndipo imatha kuphulika kukhala cironda.

Si cotupa ciriconse ca m'khwapa cimene ciri khansa. Cithupsa, cironda ca pa cala, TB ndi kacirombo ka HIV zonse zimatupitsa anabere. Azimai ena oyamwitsa amatupa m'khwapa cifukwa ca mkaka. Munthu sangadziwe ndi maso kapena ndi zala. Cimene cimapereka yankho ndi kupima ku cipatala, makamaka kutenga kanyama kang'ono ndi nyeleti ndi kukaona pa makina oonera tinthu tating'ono.

Njira yoyamba: opaleshoni

Kucotsa anabere a m'khwapa ndi njira yakale. Mu 1894 dokotala wa ku America, William Halsted, analemba za opaleshoni yocotsa bere lonse, minofu ya pacifuwa ndi anabere onse pamodzi. Kwa zaka zambiri madokotala a pa dziko lonse anatsata njira imeneyo. Masiku ano minofu ya pacifuwa imasiyidwa, koma kucotsa anabere kukali kucitika, ndipo kwa odwala ambiri ndiko koyenera.

Pa opaleshoni imeneyi dokotala amacotsa anabere 10 kapena kuposerapo, kawirikawiri pa nthawi imodzi ndi opaleshoni ya bere. Wodwala amakhala atagonekedwa tulo. Akadzuka amapeza kapaipi kocotsa madzi pa bala, kamene kamakhala masiku angapo. Anabere ocotsedwa amapita kukapimidwa, ndipo dokotala amadziwa kuti khansa inalowa mwa angati.

Ubwino wa opaleshoni ndi wakuti imacitika kamodzi, imacotsa anabere otupa amene makina okha sangawathe, ndipo imaonetsa poyera kukula kwa matenda. Zobvuta zake ziriponso. Madzi amatha kusonkhana pa bala. Mkono umacita dzanzi mkati mwake ca kumtunda. Phewa limauma ngati silicita maseŵera olimbitsa. Bvuto lalikulu koposa ndi kutupa kwa mkono, kumene madokotala amati lymphoedema. Popeza njira za madzi zadulidwa, madzi amatsalira mu mkono. Mkono umalemera, zala zimanenepa, mphete ndi manja a bulauzi zimathina. Kutupaku kumatha kuyamba patapita miyezi kapena zaka, ndipo kukakhazikika sikutheratu, kumangocepetsedwa.

Kwa mai wa m'komboni mkono ndiwo cuma. Ndi mkono umene utunga madzi pa pompi ndi kutukula cigubu, ucapa, utyakula nsima, unyamula tomato kucokera ku Soweto Market ndi kubereka mwana. Mkono ukalemera, geni imaima ndipo nyumba yonse imamva. Cifukwa ca ici madokotala anayamba kufunafuna njira yoteteza moyo popanda kuononga mkono.

Pali mphekesera yakuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imafalikira. Zimenezi si zoona. Cimene cimacitika ndi cakuti ambiri amafika matenda atafalikira kale mobisika, ndipo akaonekera pambuyo pa opaleshoni, anthu amanamizira mpeni.

Mwanabere mlonda

Mu 1993 ndi 1994 madokotala a ku America, David Krag ndi Armando Giuliano, anaonetsa njira yopimira m'khwapa popanda kucotsa anabere onse. Madzi ocokera ku bere amayamba kufika pa mwanabere mmodzi kapena awiri asanapite kwa ena. Mwanabere woyambayo ali monga mlonda wa pa geti: mlendo aliyense wolowa amadutsa pa iye. M'Cingelezi amamuti sentinel, kutanthauza mlonda.

Dokotala amabaya mankhwala a mtundu wa buluu pa bere, kapena mankhwala ena amene kamakina kamatha kuwatsata. Mankhwalawo amayenda ndi madzi mpaka pa mlonda. Dokotala amacotsa mlondayo, kawirikawiri mmodzi kufika atatu, ndi kumupima. Mlonda akapezeka alibe khansa, anabere ena onse amasiyidwa ndipo m'khwapa simufunika thandizo lina. Mlonda akapezeka ndi khansa, m'pamene funso limabuka: kodi otsalawo acotsedwe, kapena aochedwe ndi makina?

Njira ya mlonda imagwira nchito pamene dokotala sanamve anabere otupa m'khwapa. Kumene njirayi siingatheke, madokotala amacotsa anabere monga mwa kale.

Njira yaciwiri: makina

Anthu amati kuocha, koma pa radiotherapy palibe moto. Makina amatulutsa kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso, kwa mtundu wa X-ray koma kwamphamvu koposa. Kuwalako kumalunjikitsidwa pa malo odwala ndipo kumaononga khansa kuti isaswane. Minofu yabwino imene yakhudzidwa imadzikonza yokha pakati pa tsiku ndi tsiku. Ndiye cifukwa cake thandizo limagawidwa pang'onopang'ono, Lolemba kufika Lacisanu, kwa masabata atatu kufika asanu.

Wodwala amagona pa bedi la makina atakweza mkono. Samva kuwawa pa nthawiyo, ndipo zimatenga mphindi zowerengeka. Asanayambe, a cipatala amaika zizindikiro pa khungu kuti kuwala kuzigwera pamalo amodzimodzi masiku onse. Zizindikirozo siziyenera kufufutidwa posamba. Patapita masabata awiri kapena atatu khungu limada, limayabwa, ndipo nthawi zina limasupuka. Thupi limatopa. Phewa nalonso limatha kuuma. Tsitsi la kumutu silithothoka ndi makina a m'khwapa. Limene limathothola tsitsi ndi mankhwala a chemotherapy.

Mai amene acokera ku makina satenga kuwalako kupita nako kunyumba. Atha kunyamula mdzukulu, kuphikira banja ndi kugona pa bedi limodzi ndi amuna ake popanda coopsa. Koma mai wapakati sapatsidwa radiotherapy, motero amene aganiza kuti ali ndi pakati auze dokotala asanayambe.

Mu Lusaka thandizo limeneli ndi la cipatala ca Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH, cimene cinatsegulidwa mu 2007 ndi mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Levy Mwanawasa. Cisanamangidwe, odwala ofunika makina anali kutumizidwa kunja kwa dziko, ndipo ambiri sanali kupeza mwai umenewo.

Zimene ofufuza anapeza

Kufufuza kwakukulu pa funso limeneli kunacitika ku Ulaya ndipo dzina lake ndi AMAROS. Kuyambira mu 2001 kufika mu 2010, zipatala 34 zinalembetsa azimai oposa 4,800. Onse anali ndi cotupa ca pa bere cosapitirira masentimita 5, ndipo m'khwapa mwao dokotala sanamve anabere otupa. Mwa iwo, 1,425 anapezeka ndi khansa pa mlonda. Azimai 744 anaikidwa m'gulu locotsedwa anabere ndi opaleshoni, ndipo 681 anaikidwa m'gulu la makina.

Zotsatira zoyamba zinasindikizidwa mu 2014, ndipo za zaka 10 zinatsatira pambuyo pake. Patapita zaka 10, khansa inali itabwerera m'khwapa mwa azimai 7 a gulu la opaleshoni ndi 11 a gulu la makina. Ndiye kuti pafupifupi mmodzi pa 100 alionse mbali ina, ndi pafupifupi awiri pa 100 alionse mbali inayo. Pa za kutalika kwa moyo, ofufuza sanapeze kusiyana kodalirika pakati pa magulu awiriwo.

Kusiyana kwakukulu kunali pa mkono. Patapita zaka 5, pafupifupi azimai 23 pa 100 alionse a gulu la opaleshoni anali ndi zizindikiro za kutupa mkono. M'gulu la makina anali pafupifupi 11 pa 100 alionse. Makina anacepetsa bvuto la mkono ndi theka. Mbali inayi, khansa zina zatsopano zinapezeka zoculukirapo pang'ono m'gulu la makina, cimene cionetsa kuti njira iriyonse iri ndi mtengo wake.

Kufufuza kwina kocepa kwa ku Hungary, kwa dzina lakuti OTOASOR, kunapeza zofanana. Ku America nako, mu 2011, Giuliano ndi anzake anaonetsa kuti azimai ena amene khansa yalowa mwa alonda osapitirira awiri, amene anacotsedwa cotupa cokha nalandira makina pa bere lonse, sanafunike opaleshoni ina ya m'khwapa. Kucokera pa zofufuza zimenezi, madokotala a m'maiko ambiri analeka kucotsa anabere onse kwa mai aliyense amene mlonda wake ali ndi khansa.

Kodi aliyense angasankhe makina?

Iai. Apa ndi pamene mabanja ayenera kumvetsa bwino. Azimai a mu AMAROS anali ndi matenda oyamba kumene. Amene anabere ao anali otupa kale sanalowe m'kufufuzako, motero zotsatira zake sizinena za iwo. Mai amene afika ndi anabere olimba, omveka ndi zala kapena omatirirana, kawirikawiri amayamba ndi chemotherapy kuti zotupa zicepe, kenaka opaleshoni ya bere ndi m'khwapa, kenaka makina pacifuwa ndi pa anabere a pansi pa khosi. Kwa iye si nkhani yosankha imodzi. Amafunika zonse, ndipo m'khwapa mukapita mpeni ndi makina omwe, ngozi ya kutupa mkono imakula.

Bvuto la m'Zambia ndi lakuti azimai ambiri amafika ku cipatala matenda atakula kale. Kufufuza kwa ABC-DO, kumene kunatsata azimai a khansa ya bere a ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia kuyambira mu 2014, kunapeza kuti mwa azimai a m'Zambia, osakwana theka ndiwo anali moyo patapita zaka zitatu. Zina mwa zifukwa zikuluzikulu zinali kufika mocedwa ndi kusatsiriza thandizo.

Kucedwa kumabwera m'njira zambiri. Cotupa ca khansa nthawi zambiri sicipweteka poyamba, ndiye mai amati cidzatha cokha. Wina amaopa kuuza amuna ake. Wina amayamba wapita kukatemera mphini kapena kupaka mankhwala a zitsamba. Wina amafika ku kiliniki, apatsidwa mankhwala a cithupsa, ndipo cotupa cikapanda kutha sabwereranso. Akale anati zengerezu analinda kwaukwau. Miyezi imene ipita ndiyo imacotsa mai m'gulu la amene angapulumutse mkono ndi kumuika m'gulu lofunika thandizo lonse lolemera.

Mai amene wasamala n'kufika msanga ndiye amakhala ndi zosankha. Koma amene wafika mocedwa asataye mtima. Opaleshoni ya m'khwapa kwa iye ndi yopulumutsa moyo, ndipo kuikana cifukwa coopa mkono ndi kulakwitsa kwakukulu.

Ulendo ndi ndalama za basi

Posankha njira, banja liyenera kuwerengera ulendo. Opaleshoni imacitika kamodzi. Makina afuna kupezeka tsiku liri lonse. Kucoka mu Marapodi kupita ku UTH, munthu amakwera minibasi yopita m'tauni ndi ina yocoka m'tauni. Kupita ndi kubwera ndi mabasi anai. Masiku 15 ndi mabasi 60, ndipo masiku 25 ndi mabasi 100. Ngati pali womuperekeza, ndalamazo ziwirikiza kawiri.

Kudumpha masiku kumacepetsa mphamvu ya thandizo, cifukwa khansa imapeza mpata wophukanso. Ndi bwino kuti abale, azimai a ku chalichi kapena a m'gulu la cilimba akhale pansi thandizo lisanayambe ndi kugawana masiku ndi ndalama. Mutu umodzi susenza denga. Banja lidziwenso kuti mai amene wacotsedwa cotupa cokha, bere n'kutsala, amafunika makina pa bere ngakhale m'khwapa mutacitidwa opaleshoni. Kwa iye ulendo wa tsiku ndi tsiku ulipo ndithu, ndipo makina a m'khwapa amaperekedwa pa ulendo womwewo.

Makina nao amatha kuonongeka, ndipo mzere wa odwala umatha kutalika. Njira ya makina imathandiza ngati iyamba pa nthawi yake. Motero tsiku loyamba makina ndi cinthu cofunika kufunsa opaleshoni isanacitike.

Zofunsa dokotala

Safunsa anadya phula. Wodwala apite ndi m'bale mmodzi womvetsera bwino, ndipo afunse izi: Kodi cotupa ndi cacikulu bwanji? Kodi m'khwapa mwamveka anabere otupa? Kodi kupima mlonda kungatheke pa matenda amenewa? Mlonda akapezeka ndi khansa, kodi makina angalowe m'malo mwa opaleshoni? Ngati ndi makina, adzayamba liti ndipo ndi masiku angati? Ngati ndi opaleshoni, kodi makina adzafunikanso pambuyo pake? Mapepala onse a zopima asungidwe pamodzi ndi kunyamulidwa pa ulendo uliwonse.

Kusamala mkono

Kaya mai wacitidwa opaleshoni kapena walandira makina, mkono wa mbali imeneyo ufunika kusamalidwa moyo wake wonse. Ausambe ndi kuupaka mafuta kuti khungu lisang'ambike. Apewe kupsa pa mbaula ndi kudziceka ndi mpeni. Kabala kakang'ono kakaoneka, akatsuke ndi sopo ndi madzi oyera nthawi yomweyo. Asalole kutemedwa mphini pa mkono umenewo, cifukwa tizirombo tikalowa timafalikira msanga. Asabvale mphete kapena zibangiri zothina.

Mkono suyenera kungopacikidwa osagwira nchito. A physiotherapy amaphunzitsa maseŵera okweza mkono ndi kuzungulitsa phewa, ndipo nchito za panyumba zibwerere pang'onopang'ono, kuyamba ndi zopepuka. Kunenepa kwambiri kumaonjezera ngozi ya kutupa. Mkono ukayamba kulemera kapena malaya akayamba kuthina mbali imodzi, mai apite ku cipatala msanga, cifukwa kutupa kongoyamba kumabwezeka ndi mabandeji apadera ndi maseŵera. Mkono ukatentha, ukasintha mtundu, ndi thupi kutentha, apite tsiku lomwelo. Kutupa kumeneku si ufiti ndipo sikupatsirana.

Poyambira ndi pafupi

Mai aliyense azidziwa mabere ake ndi m'khwapa mwake. Posamba, kamodzi pa mwezi, apapase ndi zala bere lonse kufika m'khwapa. Kambulu kolimba, khungu lopindika kapena lokhala ngati khungu la lalanje, nsonga ya bere yolowa mkati, magazi oturuka ku nsonga, ndi mwanabere wa m'khwapa wosatha patapita masabata awiri kapena atatu, zonsezi ziyenera kuonedwa ndi a cipatala. Abambo naonso amadwala khansa ya bere, ngakhale kuti ndi ocepa.

Kwa a mu Marapodi poyambira ndi kiliniki ya pafupi monga ya Mandevu, kapena cipatala ca mu Chipata komboni. A ku Matero, Kanyama ndi Chawama ali ndi zipatala zao. Kumeneko amapima ndi kulemba kalata yopita ku UTH ngati pafunika. Cotupa cikapanda kutha ndi mankhwala oyamba, mai abwerere ndi kupempha kuti cipimidwe. Mabanja akumbukire kuti kufika msanga kumapulumutsa moyo, ndipo kwa ambiri kumapulumutsanso mkono umene udyetsa nyumba.